Mwana wa mphumu akayera m'kamwa, musathamangire kutaya inhela yabulauni

Pali funso limene limabwera mobwerezabwereza, ndipo nkhani yake imangofanana ngati makolo anachita kupangana. Mwana wa mphumu anapatsidwa inhela yopopera tsiku ndi tsiku. Patapita milungu ingapo chifuwa chinayamba kumupatsa mpata, usiku akugona osakhosomola, kusukulu sakujombanso. Ndiye tsiku lina mayi pomutsuka mano aona zoyera ngati chambiko pa lilime ndi mkati mwa masaya, mwana akudandaula kuti ndiwo za tomato zikumuwawa m'kamwa. Agogo akuti mankhwala amuchulukira m'thupi, aneba akuti ayambe wapuma kaye. Funso n'kukhala lakuti, kodi tisiye?

Musasiye. Zoyerazo zikukuuzani chinthu chimodzi: mankhwala amene amayenera kukafika m'mapapo akutsalira m'kamwa. Chofunika kukonza ndi kaperekedwe kake. Zam'kamwazo zimatha pa sabata imodzi kapena ziwiri mukazipatsa mankhwala ake, koma mphumu yosiyidwa imapha.

Tigwirizane kaye pa mayina

Ana ambiri a mphumu amakhala ndi mainhela awiri. Yoyamba ndi ya salbutamol, imene ambiri amaidziwa ndi dzina la Ventolin, ndipo kawirikawiri imakhala yabuluu. Imeneyi ndi yotsegula njira za mpweya mwana akabanika, imagwira ntchito pa mphindi zochepa, ndipo siyambitsa zoyera m'kamwa. Yachiwiri ndi yoteteza, yopopera tsiku lililonse ngakhale mwana ali bwinobwino. Muli mankhwala a gulu la steroid, amene amaphwetsa kutupa kwa mkati mwa njira za mpweya. Yofala kwambiri ndi beclometasone, imene nthawi zambiri imakhala yabulauni. Ena amapatsidwa budesonide kapena fluticasone, ndipo mu Seretide ndi Symbicort mulinso steroid wosakanizidwa ndi mankhwala ena. Musadalire mtundu wokha, pakuti makampani amapaka mosiyana. Werengani dzina pa kachitini kachitsulo.

Zoyerazo achipatala amazitcha thrush kapena candida. Ndi fangasi wa mtundu wa yisiti, dzina lake Candida albicans, amene amakhala kale m'kamwa mwa anthu ambiri athanzi popanda kuvutitsa. Mwana sanamutenge kwa mnzake, ndipo si umve. Chimachitika n'chakuti steroid akakhala pa lilime ndi pakhosi amafooketsa chitetezo cha pamalo pomwepo, fangasi uja n'kupeza danga lochulukana. Mukapopera inhela molunjika m'kamwa, mankhwala amatuluka mwaliwiro n'kukamenya kukhosi. Pa mainhela ambiri, okafika m'mapapo sapitirira gawo limodzi mwa magawo 5. Otsalawo ndi amene akubereka vutoli.

Spacer ndi kachubu kapena kabotolo koika pakati pa inhela ndi pakamwa pa mwana. Tikambapo kwambiri.

1. Yang'anani m'kamwa monse, osati lilime lokha

Sambani m'manja, mukhazikeni mwana pamwendo, muyatse tochi ya foni. Anene "aaa" motalika. Ndi chogwirira cha supuni yoyera, kankhirani tsaya pambali muone mkati, kenako linalo. Onani kumwamba kwa m'kamwa ndi kumapeto kwenikweni kufupi ndi mmero. Kwa mwana wopopera inhela, fangasiyu amakonda kuyambira kumbuyoko chifukwa n'kumene mankhwala amagwera, ndipo makolo ambiri amangoona lilime n'kunena kuti kulibe kanthu. Chitani zimenezi kamodzi pa sabata kwa mwana aliyense amene ali pa inhela yoteteza, ngakhale sakudandaula.

2. Tsimikizani kuti ndi thrush

Kulungani kansalu koyera konyowa pa chala, mupukute pang'onopang'ono pamalo amodzi oyerawo. Zotsalira za mkaka kapena phala zimachoka mosavuta, pansi pake n'kukhala pabwinobwino. Thrush imakakamira, ndipo ikachoka pamatsala pofiira, nthawi zina potuluka timagazi. Yesani pamalo amodzi basi. Kupala m'kamwa monse sikuchiza, kumangosiya zilonda.

Pali mtundu wina wopanda zoyera: kumwamba kwa m'kamwa kapena lilime kumangofiira n'kumawotcha, mwana n'kumakana zamchere, zowawasa ndi zotentha. Ena amang'ambika m'mbali mwa milomo, pokumanira mlomo wapamwamba ndi wapansi.

Zina zimafanana nayo koma si imeneyo. Kachilonda kamodzi kapena tiwiri tozungulira, tachikasu pakati n'kufiira m'mphepete, topweteka kwambiri, ndi zilonda wamba zam'kamwa. Matuza ambiri pamodzi ndi kutentha thupi ndi kutupa kwa usinini nthawi zambiri amayamba ndi vayirasi. Zoyera zimene zili pa ma tonsils pokha (timinofu tiwiri ta m'mbali mwa kukhosi), mwana akutentha thupi ndi kumva kuwawa pomeza, ndi matenda apakhosi ofuna mankhwala ena. Lilime longoyera pamwamba lokhalokha, masaya ali bwino, kawirikawiri ndi losatsukidwa chabe.

Kusasa mawu nakonso kumasokoneza anthu. Steroid yemweyo amatha kusasitsa mawu chifukwa chogwera pa minyewa yotulutsa mawu, popanda fangasi aliyense. Nystatin sangathetse kusasa kotereku. Kumachepa mukayamba kugwiritsa ntchito spacer kapena adokotala akatsitsa mlingo.

3. Inhela yoteteza ipitirire monga mwa masiku onse

Chimene chimapusitsa makolo n'chakuti mukasiya lero, mawa mwana amaoneka bwinobwino, mkuja chimodzimodzi. Kutupa kwa m'njira za mpweya kumabwerera mwakachetechete, n'kudzaonekera patapita milungu, nthawi zambiri usiku, chimfine chikamugwira kapena kukazizira m'miyezi ya June ndi July. Kudalira yabuluu yokha n'koopsa, chifukwa imatsegula njira koma kutupa sikuchita nako kanthu. Komanso mwana amene wakhala pa mlingo waukulu kwa miyezi yambiri sayenera kusiyitsidwa steroid mwadzidzidzi. Musachepetse nokha, musadumphitse masiku. Amene angachepetse ndi amene analemba mankhwalawo.

4. Pitani kuchipatala mutanyamula zonse

Si za usiku womwewo ngati mwana akudya ndi kumwa, koma pasapite masiku opitirira awiri kapena atatu. Tengani buku lake lakuchipatala, mainhela onse, ndi spacer ngati muli nayo. Pemphani adokotala kapena anamwino kuti akuoneni mukupopera mwanayo monga mumachitira kunyumba. Musachite nazo manyazi, cholakwika chimaoneka pomwepo.

Nenani zinthu izi ngakhale asakufunseni. Ngati mwana wamwa maantibayotiki posachedwa, monga amoxicillin kapena Bactrim, chifukwa amapha mabakiteriya amene amapanikiza fangasiyu. Ngati wamwa mapiritsi a prednisolone pa nthawi yobanika. Ngati mumapopera kangati patsiku, moona mtima. Ndiponso ngati ali pa ma ARV, tchulani mtundu wake: amene muli ritonavir amachititsa kuti fluticasone ndi budesonide aziunjikana m'magazi, ndipo kwa mwana wotere adokotala amakonda kusankha beclometasone.

Thamangani tsiku lomwelo ngati mwana akukana kumwa, akumva kuwawa chakudya chikamatsika pachifuwa, akutentha thupi, kapena wafooka. Kuwawa pomeza kungatanthauze kuti fangasi watsikira kummero, kumene mankhwala opaka safikako. Ndipo ngati akubanika mpaka kulephera kumaliza chiganizo, nthiti zikulowa mkati, kapena milomo yasintha mtundu, iwalani zam'kamwa: mpopereni yabuluu, nyamukani.

5. Perekani mankhwala a fangasi moti akhudze pamene pali vuto

Amene amaperekedwa kwambiri ndi nystatin wamadzi, wachikasu, wolembedwa 100,000 units pa 1 ml. Mlingo wodziwika ndi 1 ml kanayi patsiku kwa masiku 7, n'kupitiriza masiku ena awiri zoyera zitatha. Adokotala ena amalembera ana okulirapo mlingo woposa pamenepa, choncho tsatirani zolembedwa pa botolo lanu. Chofunika kudziwa n'chakuti nystatin salowa m'magazi. Amapha fangasi pokhapokha wamukhudza. Mwana akangomeza ngati manyuchi a chifuwa, mwataya mankhwala.

Khutchumulani botolo. Yezani ndi kodonthezera kake kapena sirinji yopanda singano. Thirani theka mkati mwa tsaya lina, theka kwinako. Wamng'ono mupakeni ndi chala choyera m'masaya, pa lilime ndi kumwamba. Wamkulu asunge m'kamwa n'kumayendetsa ndi lilime kwa mphindi imodzi kapena kuposa, kenako ameze kuti adutsenso pakhosi. Akatero asadye kapena kumwa kanthu kwa mphindi 20 mpaka 30.

Mwina mungapatsidwe miconazole wopaka m'kamwa, wooneka ngati jelo. Mwana wa miyezi 4 mpaka zaka 2 amalandira 1.25 ml kanayi patsiku, wa zaka 2 kupita m'tsogolo 2.5 ml kanayi patsiku, ndipo mumapitiriza sabata ina yathunthu zoyera zitatha. Supuni yoyezera mankhwala imakhala 5 ml, ndiye 2.5 ml ndi theka lake. Jeloyu ndi wolimba ndipo angatsamwitse mwana wamng'ono. Mugaweni pang'onopang'ono pa chala, mupake kutsogolo ndi m'masaya, osaika chibuma kukhosi. Khanda losakwana miyezi 4 silipatsidwa.

Kumene mankhwala awiriwa kulibe, achipatala amatha kupereka GV, uja wapepo. Wam'kamwa amakhala wosungunulidwa kufika pa 0.25%. GV wopaka pa zilonda zapakhungu ndi wamphamvu kuposa pamenepa ndipo amawotcha m'kamwa, choncho kabotolo kamene kanatsala pa chilonda cha pamwendo musakayandikize pakamwa pa mwana.

Fluconazole ndi womwa, amayendera kulemera kwa mwana, ndipo amaperekedwa opakawa akalephera kapena fangasi akafika kummero. Ameneyu musagule nokha.

Pakatha masiku awiri kapena atatu muyenera kuona kusintha. Apa m'pamene ambiri amasiyira, poona kuti m'kamwa mwayera bwino, ndiye pakatha sabata zoyera zabwerera. Malizani masiku onse. Ngati masiku 7 akwana osasintha, bwererani.

Zoti musachite n'zodziwika: kugula amoxicillin kapena Bactrim pagolosale, komwe kuli kuthira mafuta pamoto; kupaka soda, phulusa, ndimu kapena mchere pofiirapo; kupaka m'kamwa kirimu wa zipere; kupatsa uchi mwana wosakwana chaka; kumuchukuchitsa mankhwala a m'kamwa a akuluakulu amene muli spirit. Ngati mwana akuyamwabe ndipo mayi akumva kuwotcha kapena kuyabwa kunsonga za mawere, nenani kuti onse awiri athandizidwe, apo ayi azingopatsirana.

6. Pezani spacer, ndipo ikasowa pangani

Mwana asapopere steroid wa m'kachitini molunjika m'kamwa, ngakhale ali ndi zaka 12 ndipo akuti amatha. Mu spacer mankhwala amachepa liwiro. Timadontho tikuluikulu, tomwe tikanagwera pakhosi, timakakamira m'mbali mwa chubu, ting'onoting'ono n'kumayandama kudikira mwana atikoke. Motero m'kamwa mumatsala ochepa, m'mapapo mumafika ambiri.

Yabwino kwambiri ndi yogula, yokhala ndi valavu, kachitseko kamene kamatseguka mwana akamakoka mpweya. Mwana wosakwana zaka 3 kapena 4 amafuna ya masiki yophimba mphuno ndi pakamwa. Akangotha kumanga milomo pa kachubu, musiyitseni masiki, chifukwa mphuno imasefa mankhwala ena ndipo masiki imawasiya pankhope.

Ikakhala kuti mulibe, botolo lapulasitiki la 500 ml limagwira ntchito. Kafukufuku wa ku Cape Town wofalitsidwa mu 1999 anapeza kuti botolo lotere lomata bwino linkafikitsa mankhwala otsegula chifuwa mofanana ndi spacer yogula, pamene kapu ya polystyrene, zija zopepuka zotaya ukamwera, inali yoperewera. Kapangidwe kake nkotere. Tsukani botolo, liume. Chotsani chivindikiro cha inhela, muike kukamwa kwake pansi pa botolo n'kulemberera ndi cholembera. Pindani waya motsatira mzerewo, kapena tengani mpeni, muutenthe pamoto, muboole mkati pang'ono mwa mzere kuti bowo lichepeko. Pulasitiki idakali yofewa, lowetsani inhela kuti bowo litenge maonekedwe ake. Pakatsala mpata matani ndi tepi, chifukwa botolo lotaya mpweya limatayanso mankhwala. Mwana amaika kukamwa kwa botolo m'kamwa mwake. Wamng'ono amene sangatero amafuna botolo lodulidwa n'kukonzedwa ngati masiki, ndipo limenelo pemphani achipatala akuonetseni, kuti m'mphepete musamucheke.

Mainhela a ufa, monga Turbuhaler ndi Accuhaler, salowa mu spacer. Kwa amenewa chitetezo chonse chili pa kuchukucha.

7. Poperani kamodzi kamodzi

Mwana akhale tsonga. Khutchumulani inhela, muilowetse mu spacer kachitini kataloza kumwamba. Milomo imange bwino, kapena masiki igwire nkhope popanda mpata. Dinani kamodzi. Mwana apume bwinobwino, kulowetsa ndi kutulutsa, maulendo 5 kapena kuposerapo pang'ono, mukuwerenga mokweza. Ngati analemberedwa kawiri, chotsani, dikirani masekondi 30, khutchumulaninso, mubwereze.

Kudina kawiri kapena katatu nthawi imodzi kumachititsa kuti timadontho tigundane n'kugwera m'mbali. Kudina spacer isanafike pakamwa n'kumuthamangitsa mwana pabwalo, pofika mumugwire mankhwala agwa kale. Mwana wolira amakoka mpweya mwachidule n'kutulutsa motalika, ndiye ochuluka amathera pakhosi. Bola kumutonthoza kaye. Kumupopera ali m'tulo nakonso sikuthandiza kwenikweni, ndipo wogona sangachukuche.

8. Kuchukucha: apa ndi pamene pagona nkhani

Pepala la mu bokosi la inhela limangoti mwana achukuche m'kamwa akatha kupopera. Silinena kuti mwana wa zaka ziwiri achukucha bwanji, kapena kuti muzilumikiza bwanji ndi chakudya, mswachi ndi nystatin. Makolo ambiri amene amati "timachukucha" amatanthauza kuti mwana amamwa kamodzi n'kulavula pomwepo, madzi osafika n'komwe kumene kuli mankhwala.

Nthawi yake ndi yomweyo, asanadzuke pamene wakhala. Kapu ya madzi ikhale pambali musanayambe kupopera. Mukati mukatunge pambuyo pake, foni ilira, mphika usefukira, zaiwalika.

Mwana wa zaka 6 kupita m'tsogolo achite maulendo atatu, uliwonse ndi madzi atsopano. Ulendo woyamba atupitse masaya n'kuyendetsa madzi uku ndi uku mukuwerenga mpaka 10, alavule. Wachiwiri chimodzimodzi, akukankha madzi kudutsa m'mano ndi pansi pa lilime. Wachitatu ndi wofunika kuposa yonse: apendeketse mutu chagada, anene "gaaa" madzi akubwata pakhosi, kenako alavule. Ulendo umenewu ndi umene umafika kumbuyo kuja. Madzi akhale ochepa, odzaza supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri. Akadzaza m'kamwa sangathe kuwayendetsa, ndipo amatsamwa.

Wa zaka 3 mpaka 5 amafunika kuphunzitsidwa, ndipo musamuphunzitse pa nthawi ya mankhwala pamene nonse mwatopa. Sankhani nthawi yosamba. Tsiku loyamba aphunzire kulavula kokha: jambulani kabwalo pansi kapena ikani beseni, mupikisane kuti ndani alavulira mkati. Akazolowera, onjezani kutupitsa masaya ngati chule. Zapakhosi zija zimabwera mochedwa, ambiri amazitha cha m'ma zaka 6, ndipo musamukakamize. Pamene akuphunzira, akalavula kawiri mupatseni madzi ena amwe, kuti atsuke pakhosi pamene sanathe kufikapo.

Wosakwana zaka 3 sangalavule, ndipo palibe chifukwa cholimbana naye. Chitani zitatu. Pukutani nkhope ndi kansalu konyowa paliponse pamene masiki inakhudza, chifukwa steroid wotsalira amatulutsa tiziphuphu tofiira kuzungulira pakamwa ndi mphuno. Kulungani kansalu kena koyera pa chala, mukanyowetse ndi madzi owiritsa ozizira, mupukute mkati mwa masaya, usinini ndi lilime mofatsa. Kenako amwe madzi pang'ono, kapena ayamwe. Ena amada nkhawa kuti akameza ndiye kuti wameza steroid. Zoona, koma ndi wochepa kwambiri, ndipo akanamumezabe ndi malovu. Kuli bwino apite m'mimba kusiyana n'kugona pa lilime usiku wonse.

Madzi ake akhale madzi. Tiyi wa shuga, Sobo, thobwa kapena maheu si zochukuchira. Fangasiyu amakonda shuga.

Mlingo wa madzulo ndi umene umavutitsa kwambiri. Munthu akagona malovu amachepa, ndiye chilichonse chotsala m'kamwa chimakhala momwemo mpaka kucha. Mwana amene amapoperedwa ali kale pamphasa, maso akulemera, ndi amene amayera m'kamwa. Sunthani nthawiyo: mupopereni nsima yamadzulo isanafike, achukuche, adye. Chakudyacho chimasesa zotsalira. Mmawa chimodzimodzi, asanadye phala. Ngati zimenezi sizikutheka, sungani inhela ndi spacer pamodzi ndi mswachi kuti chimodzi chizikumbutsa chinzake. Achukuche kaye ndi madzi, kenako atsuke mano. Akatsuka mano ndi kolugeti angolavula osachukuchanso, kuti fluoride, mankhwala oteteza mano a mu kolugetimo, atsale pa mano.

Tsopano pa sabata imene mwana akulandiranso nystatin kapena miconazole, dongosolo limasokonekera mosavuta, chifukwa inhela imafuna madzi pambuyo pake pamene nystatin safuna madzi pambuyo pake. Mukapereka nystatin kaye kenako inhela, kuchukucha kuja kumatsuka nystatin yense. Ndiye lowezani izi: inhela, kuchukucha, chakudya, mswachi, nystatin pomaliza. Mmawa zonse zisanu. Masana akadya, nystatin yekha. Cha m'ma 4 koloko, nystatin yekha. Madzulo zonse zisanu, ndipo nystatin akalowa m'kamwa musalowenso kanthu mpaka agone. Kwa mwana wa sukulu, wa masana uja apatsidwe akangoweruka, winayo patapita maola atatu kapena anayi.

Uzani aliyense amene amasamala mwanayo, kaya ndi bambo ake, agogo, azakhali kapena mtsikana wantchito. Zoyera zimakonda kutuluka mwana akapita kutchuthi kumudzi, kumene anangouzidwa kuti "muzimupopera kawiri" basi. Wa kusukulu yogonera akhale ndi kabotolo ka madzi m'thumba limodzi ndi inhela.

Yabuluu ija siifuna zonsezi. Mwana akabanika mpopereni, musataye nthawi kufuna kapu.

9. Tsukani zipangizo, koma mosamala

Spacer imatsukidwa kamodzi pa mwezi, kapena monga pepala lake likunenera. Imasuleni, muiviike m'madzi ofunda okhala ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, muisiye iume yokha pamthunzi. Musaipukute mkati ndi nsalu. Pulasitiki yokwechedwa imagwira timagetsi tija timene timachititsa chipeso kukoka timapepala, ndipo timagetsito timakoka mankhwala n'kuwamata m'mbali. Kasopo kotsalira mkati kamaletsa zimenezi. Mbali yolowa m'kamwa yokha ndiyo muipukute kuti sopo achoke. Botolo lopanga nokha litsukeni chimodzimodzi musanaligwiritse ntchito koyamba, ndipo likaphwanyika kapena bowo likakula pangani lina. Yogula imasinthidwa pakatha miyezi 6 mpaka 12.

Pa nthawi ya thrush, masiki kapena polowa m'kamwa pazitsukidwa tsiku lililonse. Mswachi usinthidwe mankhwala akatha. Botolo la mkaka ndi kanyamwitsi aziwiritsidwa. Ana awiri asabwerekane spacer imodzi. Kachitini kachitsulo kasalowe m'madzi, ndipo inhela ya ufa isakhudze madzi n'komwe, ingopukutani kukamwa kwake ndi nsalu youma.

10. Zikabweranso

Kamodzi si zachilendo. Zikabwera kachiwiri kapena kachitatu pamene spacer ilipo ndipo kuchukucha kukuchitika monga tafotokozera, pali mafunso awiri ofunika kupita nawo kwa adokotala.

Loyamba ndi la mlingo. Thrush imachuluka mlingo ukakula komanso maulendo opopera patsiku akachuluka. Kwa mwana wa zaka 6 mpaka 11, beclometasone wamba wokwana 100 mpaka 200 mcg (ma microgram) patsiku lonse ndiwo mlingo wotsika. Onaninso nambala ya pa kachitini, chifukwa pali ya 50, ya 100 ndi ya 250 mcg, zimene zimatha kuoneka mofanana, ndipo zimachitika kuti kholo lagula ya 250 n'kumapopera maulendo omwe aja a ya 50, mwana n'kumalandira kasanu kuposa zimene analemberedwa. Ngati mphumu yakhala chete kwa miyezi 3, adokotala angatsitse mlingo. Ngati amapopera katatu kapena kanayi patsiku, angausonkhanitse kukhala kawiri. Akhozanso kusintha mtundu wa inhela.

Lachiwiri ndi la mwana mwiniyo. Thrush yobwerezabwereza, yofalikira m'kamwa monse kapena yotsikira kummero, kwa mwana wopitirira chaka amene ali pa mlingo wotsika, siyenera kungokankhidwira pa inhela. Ayezedwe HIV ngakhale anayezedwapo ali khanda, makamaka ngati anapitiriza kuyamwa pambuyo pa kuyezako. Ayezedwe shuga ngati akumwa madzi kwambiri, akukodza pafupipafupi kapena akuonda. Akwezedwe pa sikelo ndi kuyezedwa msinkhu, awonedwenso ngati ali ndi magazi okwanira. Pa ulendo umenewo tengani mabokosi a mankhwala onse amene wamwa miyezi itatu yapitayi, ngakhale ogula pagolosale.